Che Hamadi ndi Ndodo ya Magetsi

Che Hamadi ntchito yawo inali yokumba maenje a mapolo a magetsi. Ku Joni mgodi unawadya zaka khumi ndi chimodzi n'kuwalavula ali ndi chifuwa chosatha, ndipo atafika kwawo ku Domasi anapeza kuti manja awo sadziwa china koma piki ndi fosholo. Choncho amagetsi akakhala ndi ntchito m'chigwa cha Domasi ankawatenga pa ganyu. Anali munthu wamfupi, wakhosi lonenepa, wouma pakamwa. Ukawapatsa moni ankangoti "eya", nkhani yathera pomwepo. Anyamata a pa Songani ankawatcha Mfuko, iwo osatembenuka n'komwe. Mapolo anadzala ambirimbiri, koma kunyumba kwawo ankayatsa koloboyi.

Chivomerezi chinabwera chaka chotsatira chisankho cha matipate, m'mawa wina wa mwezi wa Febuluwale. Pansi panabangula ngati lole yotsitsa miyala. Zipupa zinang'aluka, mitsuko inasweka, amayi anathawira panja atanyamula ana chadodolido. Nthaka inali itafewa kale ndi mvula, ndiye mapolo asanu ndi awiri anagwa motsatizana, mawaya akukwapulana n'kumalavula moto. Mbuzi ya munthu wina inapsera pomwe inamangidwa. Magetsi anazima chigwa chonse.

Kwa masiku asanu ndi anayi Che Hamadi anakumba m'matope limodzi ndi gulu la a Henderson, kapitawo wa ku Malosa, bambo wa ana asanu amene ankakwera polo ngati akukwera njinga. Tsiku lomaliza panatsala kulumikiza mawaya kuseri kwa chitunda, kutsidya kwa mtsinje, kumene sikuoneka ukaima pamsewu. Mlatho unali utagumuka, lole sikanadutsa, ndiye anthu anasenza katundu pamapewa.

Asananyamuke, a Henderson anaima pa polo ya pafupi ndi chigayo cha Che Maulidi. Pamwamba pake panali mafyuzi atatu. Ukawagwetsa ndi ndodo yaitali ya ngowe kumapeto, mawaya onse a kutsogolo amafa. Ukawakweza, moto umalowa. A Henderson anawagwetsa onse atatu, kenako anapereka ndodoyo.

"Che Hamadi, ndodo iyi musapatse munthu, ngakhale abwere ndi galimoto ya boma. Wina akakweza mafyuziwa ife tili pa waya, mudzatola makala."

"Eya," anatero Che Hamadi, n'kukhala pansi pa polo, ndodo ili pamiyendo.

Tsono pachigayo paja zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala. Amayi anali ataviika mphale chivomerezi chisanachitike, ndipo mphaleyo inali kuchita nkhungu m'madengu. Ana kunyumba ankagonera maungu. Dzuwa lili paliwombo panaima minibasi, kondakitala n'kuponya mawu akuti ku Naisi magetsi ayaka, ku Malosa ayaka, kwatsala kuno kokha. Mawu a kondakitala, munthu woti mpaka lero sadziwa chimene anayambitsa.

Che Maulidi, mwini chigayo, anatuluka ndi amuna ngati khumi, amayi akutsatira m'mbuyo.

"Che Hamadi, mapolo aima, mawaya tikuwaona ali bwinobwino. Tatibwerekani ndodoyo."

"Kuli anthu pa waya."

"Ali kuti anthuwo? Ife sitikuona munthu. Anzanuwo akhala pamthunzi penapake, ife ana akufa ndi njala."

"Kuli anthu pa waya," anabwereza Che Hamadi.

Apa ndiye pamandipweteka. Akanakhala munthu wa pakamwa akanafotokoza za chitunda, za mlatho, akanati tumani wina akaone. Koma Mulungu anawamana mawu, ndipo anthu aja analibe makutu. Wina anakuwa kuti masiku ano ndi a demokalase, palibe woopseza mnzake ndi yunifolomu. Yunifolomu yake iti? Munthu anavala kabudula wong'ambika.

Njerwa yoyamba inawapeza pamwamba pa diso. Magazi anatsika mpaka m'kamwa. Che Hamadi sanathawe, sanabwezere. Anagona chafufumimba pamwamba pa ndodo ija, anaikumbatira ndi manja awiri, n'kuikola ndi miyendo. Amuna anayi anagwira kumapeto kwake n'kukoka, ndipo anawaguza nayo m'matope mpaka pamsewu, koma sanaisiye. Wina anathamangira nsungwi kuti akweze nayo mafyuzi. Inalibe ngowe, inangoterereka, ndipo mkwiyo wonse unabwerera kwa munthu anali pansi uja.

Anawamenya ndi mpini wa khasu pamsana. Anawaponda m'nthiti ndi nsapato za matayala, nthiti n'kumveka kuthyoka. Che Maulidi, munthu amene ankaswali nawo mzere umodzi ku mzikiti Lachisanu lililonse, anagwada n'kuyamba kupinda zala zawo chimodzichimodzi. Chala chikathyoka, zotsalazo zinkafinya kwambiri. Pomaliza mnyamata wina wa mowa m'mutu ananyamula mwala wa pamthuthira wa chigayo n'kuwaphwanya nawo dzanja lamanja kawiri. Che Hamadi anabuula kamodzi, mawu onga a ng'ombe, kenako anangoti zii.

Amene anathetsa zimenezi ndi mayi Scholastica, mmodzi wa amayi a mphale yowola aja. Anakankha amunawo, anavula chitenje chakunja n'kufunditsa Che Hamadi kuyambira kumutu.

"Mwapha munthu. Tsopano itengeni ndodoyo m'manja mwa maliro, tikuoneni."

Palibe anasuntha. Amuna omwe aja amene ankapondana kuti amenyeko, aliyense anayamba kuyang'ana kumbali. Kumenya wamoyo anatha, koma kukhudza mtembo anaopa. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono n'kukaima pakhonde la chigayo ngati odikira basi.

A Henderson ndi anyamata awo anatulukira cha m'ma folo koloko, matope mpaka m'mawondo, akuseka nkhani zawo. Ataona chitenje pamsewu ndi ndodo itatulukira pansi pake, kuseka kunatha. A Henderson anagwada n'kuvundukula. Nkhope inali yosazindikirika, diso limodzi litatsekeka ndi magazi ouma, koma munthuyo ankapuma. Milomo inagwedezeka, ndipo a Henderson anaika khutu pafupi.

"Mwatsika nonse?"

"Tatsika tonse, achimwene. Tonse asanu tili pano."

Ndodo Che Hamadi sanathe kuipereka okha. Zala zinali zitauma mozungulira, ndipo a Henderson anachita kuzimasula akulira poyera, bambo wamkulu, pamaso pa anyamata awo. Atatha anaimirira n'kuyang'ana gulu lija.

"Nthawi imene munkachita izi, ine ndinali pamwamba, manja onse awiri pa waya."

Anyamata ananyamula Che Hamadi kupita nawo pa lole. A Henderson anatsala ndi ndodo yamagazi ija, ndipo anaima nthawi yaitali pansi pa polo. Ntchito ndi ntchito, m'chigwamo munali chipatala ndi masukulu. Anakweza fyuzi yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Chigayo chinalira, ndipo anthu aja anathamangira kukaima pamzere ndi madengu awo.

Che Hamadi anagona m'chipatala ku Zomba miyezi iwiri. Dzanja lamanja madokotala analidulira pamfundo, ndipo sanagwirenso piki moyo wawo wonse. Apolisi atabwera kudzafunsa amene anawamenya, mudzi wonse unati tsiku limenelo unali kumunda.