Foni ya Amayi M'chigafa

Foni ija amayi ndinawagulira ndine, ndipo mpaka lero kwathu ku Wimbe alipo anthu amene amandiyang'ana cham'mbali chifukwa cha zimenezo. Andiyang'ane, maso ndi awo. Ndinagula chaka chimene ananditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina m'njira yopita ku Lifupa, kumene mvula ikayamba galimoto sifika mpaka matope aume. Bambo anali atatisiya kale. Pakhomo panatsala amayi ndi achimwene anga aakulu, amene nyumba yawo inali kuseri kwa chigafa chathu choyanikamo fodya. Ine ndinkangofuna ndizimva mawu a amayi ndikaweruka.

Kanali kafoni kakuda ka mabatani, ka tochi kumutu. Amayi kuyimba sankatha, ankangodziwa batani lobiriwira loyankhira. Kenako wina anawaphunzitsa kufulasha, ndiye ankandifulasha ndili pakati pophunzitsa, ana n'kumaseka. Ndikawayimbira sankayamba ndi moni, ankayamba ndi kundinena kuti aphunzitsi atikumbuka lero.

Zinali zaka za makuponi a feteleza. Uthenga woti feteleza wafika kudepoti unkayenda pa foni, ndipo wochedwa kumva ankapeza mzere utazungulira mpanda. Chifukwa chake azimayi akwathu foni sankaisiya m'nyumba. Chitenje chilibe thumba, pamzere pamakhala anyamata opisa anthu, ndiye malo ake anali pachifuwa, m'kamisolo, pamodzi ndi kuponi yokulunga m'kajumbo kuti isanyowe ndi thukuta. Amayi ankaika kumanzere. Kumunda, kuchigayo, kutchalitchi, foni ili pomwepo. Ikalira ankadzidzimuka n'kugwira pamtima ngati nyerere yawaluma.

Chaka china, nditangobwerera kusukulu Khirisimasi itatha, amayi anasiya kuyankha. Foni inkalira ndithu, koma kulira mpaka kudula yokha. Tsiku lina anayankha achimwene akupuma wefuwefu, nati amayi ali bwino, akuthyola fodya. Ulendo wina anati apita kumaliro. Nditafunsa kuti nanga foni ya amayi ikutani m'manja mwawo, anati angoimva ikulira. Achimwene angawo ukawafunsa ngati kwagwa mvula amakuyankha kuti mitambo inalipo. Ndinawalalatira, iwo n'kudula. Ine ndine wa mtima wapachala, sindikana, ndipo ndinatengera amayi omwewo. Koma teremu imeneyo msewu unali phala lokhalokha, ndipo ndinadziuza kuti ndi ntchito ya fodya yawapanikiza, poti miyezi imeneyo munthu amathyola m'mawa, kusoka masana, kupachika madzulo.

Ndinafika kumudzi pa tchuthi cha Pasaka, dzuwa litapendeka. Pakhomo panalibe munthu. Wailesi yomwe amayi ankagona nayo kumutu ndinaipeza panja, pakhonde, atavundikira ndi beseni. Ndinaima pabwalo n'kuyimba foni yawo kuti ndimve ali kuti. Inalira m'chigafa.

Ndinalowa chowerama, fodya atadzaza mpaka kudenga, fungo lake likutsamwitsa. Ndinaipeza kumapeto kwenikweni. Anaikulunga m'jumbo, n'kuimanga ndi ulusi wa thumba la feteleza, n'kuipachika pamtengo pakati pa masamba ofiirira, ngati nayonso akuiyanika. Pambuyo pake ndinamva kuti achimwene ankaitsitsa kukatchajitsa pamsika, n'kudzaipachikanso pomwepo monga anawauzira amayi. Sanafunse n'komwe chifukwa chake. Mayi wako akati pachika, umapachika.

Amayi anabwera kuchokera kudimba atasenza mtolo wa nkhuni, akugwirizira ndi dzanja lamanja lokha. Atandiona ndi foni m'manja anati ndiisiye kaye panja. Anandilowetsa kuchipinda, anatseka chitseko, namasula bulauzi. Anatenga zala zanga n'kuziika pabere lakumanzere. Munali chotupa cholimba ngati njere ya peyala, chosasuntha, ndipo khungu la pamwamba pake linali litakwinyika. Anandikhudzitsanso m'khwapa. Namonso munali kanthu.

Ndinakhala pansi pomwepo.

Anafotokoza modekha, ngati akunena za mbuzi yodwala. Anachimva koyamba akusamba, chili ngati njere ya mtedza. Anauza azimayi anzawo akumpingo, ndipo mmodzi, amene mwana wake amakhala m'tauni, anati zimenezo n'zodziwika: foni imatulutsa moto wosaoneka, ndi umene umapita kukafika kumlongoti wa netiweki, ndipo ukadutsa m'thupi umaphika mnofu. Wina anavomera kuti n'zoona, si paja khutu limatentha ukalankhula nthawi yaitali. Kenako anafunsa mbali imene amayi amaika foni. Atamva kuti kumanzere, mlandu unathera pomwepo. Tsiku lomwelo ena anachotsa mafoni awo m'kamisolo n'kumangirira pamfundo ya chitenje, mpaka wina anadzati m'chiuno ndiye imatseka mimba, azimayi n'kusowa poika.

Koma chimene chinawagwira amayi si mantha ayi. Anali maganizo aulimi, ndipo anandifotokozera ngati ine ndine mwana wa sukulu. Feteleza ukamuthira pafupi kwambiri ndi phesi, mbewu imapsa. Sumazula mbewuyo. Umakumba fetelezayo, kumutaya patali, kuthirira, n'kudikira. Ikapita sabata zingapo masamba amabwerera. Munga ukauzula, phazi limaphwa lokha. Ndiye iwo anachotsa chowotchacho, anachotsanso wailesi kumutu kuti asasiye mpata, tsopano ankadikira kuti chotupa chiphwe. Kuitaya foniyo sakanatha poti inali mphatso ya mwana wawo, n'chifukwa chake anaipachika m'chigafa, kutali ndi thupi koma posafika mvula.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Ndikanakuuzira pati? Pa foni yomweyo?" anatero. "Kapena umafuna nditume mchimwene wako akakuuze za bere la amake?"

Pamenepo ndinaphulika. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kuuza kholo. Ndinati chotupa chakula kuchoka pa mtedza kufika pa peyala foni ili m'chigafa, ndiye akudikira chifike pa dzungu? Anati mwina moto unalowa wambiri, suchoka tsiku limodzi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinati mawa tikupita kuchipatala ku Boma. Anati fodya ndani asankhe, mabelo ndani ayang'anire podinda, tidikire okushoni ipite. Komanso, anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iwo sakumva kupweteka kulikonse. Chinthu chosapweteka akakadandaule chiyani kwa dokotala, anthu akubuula pamzere?

Ndinaona kuti ndi mawu sindiwatha. Ndinatenga chikwama changa n'kukhuthulira zovala zonse pamphasa, ndipo ndinawauza kuti kusukulu sindibwereranso. Ndikhala pompano ndizisankha nawo fodya mpaka andichotse ntchito. Uphunzitsi wangawo ndi fodya wa m'chigafa chomwecho anaulipirira, ndipo amayi ankadziwa kuti ndikanena ndanena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati ndinabadwa ndi mutu wouma ngati bambo anga. M'mawa ndinawapeza atasamba kale, atavala chitenje chakutchalitchi.

Ku Boma tinaonedwa ndi dokotala wachinyamata wolankhula motsitsa. Atawapima, ndinamufunsa pamaso pa amayi za foni ija, poti ndinkafuna amve kwa wina osati ine. Sanaseke. Anati foni imatulutsadi mphamvu, yofanana ndi imene imabweretsa mawu m'wailesi, ndipo anthu ophunzira akhala akufufuza, koma sanapeze umboni woti imayambitsa khansa ya m'bere. Anati matendawa analipo agogo athu asanaone foni, ndipo iye amaona azimayi odwala chomwechi amene sanaigwirepo. Amayi anati nanga bwanji chabwera mbali yomweyo. Iye anati mabere ndi awiri, chikabwera chimasankha limodzi. Ngati akuopa, anati, aziika foni m'kachikwama, palibe choipa. Koma chotupa ichi foni ikhale pachifuwa kapena m'chigafa, chimakula basi.

Kenako anafunsa kuti anachimva liti koyamba. Amayi anati chimanga chili m'maondo. Dokotala anayang'ana pawindo, kumene chimanga cha m'munda wina chinali chitauma kale, n'kuweramira papepala. Ine ndinadziwa kuti tachedwa.

Anawatumiza kukajambulitsa pachifuwa. Mayi wojambulayo atawaimika pamakina, anapita kukabisala kuseri kwa khoma asanadinikize batani. Amayi anatuluka akung'ung'udza kuti mwaona, eniake akuthawa, ife ndiye akutiimika pamoto. Ndinawauza zimene wojambulayo anandiuza, kuti makina amenewo cheza chake n'champhamvu zenizeni, kamodzi sichivulaza, koma iye amajambula anthu tsiku lonse. Anati hmm, ndiye moto weniweni uli kuchipatala. Ndinaseka, koyamba chifikire.

Anatilembera kuti tipite ku Lilongwe. Pobwerera kumudzi kukatenga zofunda, tinakwera minibasi. Titatsika n'kuyamba kuyenda kanjira ka m'minda, mapesi a fodya ataima opanda masamba mbali zonse, anaima n'kumangitsa chitenje chawo.

"Ndiye miyezi yonseyi ndimadikira chiyani?" anafunsa.

Sankafunsa ine. Mpaka lero funso limenelo limandiwawa kuposa maliro awo. Sanali munthu wopusa. Anaona vuto, anapeza chimene ankati ndi gwero lake, anachichotsa, n'kudikira mmene mlimi amadikirira. M'mawa uliwonse ankagwira pachifuwa kuti amve ngati chayamba kuphwa.

Ku Lilongwe anachotsa bere lonse, n'kupalanso m'khwapa. Madokotala anandiuza pambali kuti matenda ayenda kale, ndipo mankhwala angowachedwetsa. Fodya wa chaka chimenecho anasankha ndi achimwene ndi akazi awo, ndipo amayi atabwera anaunguza m'chigafa n'kunena kuti asakaniza masamba ngati akhungu.

Anthu anabwera kudzazonda, ndipo ena, makamaka mayi wa mwana wam'tauni uja, ankanena mondimvetsa kuti ana amasiku ano amagulira makolo imfa m'sitolo. Ndinafuna kumuyankha, pakamwa panali patayabwa kale, koma amayi ananditsina pantchafu.

Tsiku loti ndibwerere kusukulu, amayi anandituma kuti ndikatenge foni. Achimwene anali ataibwezeranso pamalo pake m'chigafa, poti palibe anawauza kuti asiye. Ndinadula ulusi uja, ndinaipukuta fumbi la fodya, n'kuwapatsa pamodzi ndi kachikwama kansalu kamene ndinawasokera kuti azikoleka m'khosi. Kachikwamako anakayang'ana, n'kukaika pambali. Anatsegula bulauzi, nalowetsa foni m'kamisolo, kumanzere, mbali yomwe tsopano inali yopanda kanthu.

"Malo ndiye achuluka," anatero. "Ukayimba ndizimva msanga."

Ankamvadi msanga. Isanalire kawiri ankakhala atayankha, n'kuyamba ndi aphunzitsi atikumbuka lero, ngakhale ndinali nditayimba dzulo lake. Ankandiuza zonse tsopano, za chifuwa chimene chinayamba, za msana, za mwendo wotupa, osabisa kanthu. Makuponi atabweranso anapita okha kukaima pamzere, anthu n'kuwapatsa mpata kutsogolo. Feteleza ameneyo anathira ndi achimwene. Fodya wake amayi anamuona ali m'munda, koma sanamuone m'chigafa.

Atamwalira, powasambitsa, azimayi akumpingo anaipeza foni ili pomwepo. Mayi wa mwana wam'tauni uja ndi amene anabwera nayo kwa ine, ataigwira ndi nsonga ya chitenje kuti isamukhudze. Ndinailandira ndi manja awiri. Inali idakali yofunda.