Chipsera cha Pamkono Wanga

Akazi anga ndiwo anandikakamiza kukaonana ndi dokotala wa khungu kuno ku Gaborone, chifukwa cha chipsera chotupa chimene nyale ya palafini inandisiyira pamkono ndili mwana ku Zomba.

Adokotala anati njira zilipo: majakisoni, kuchidula, kapena kuchisalaza ndi makina. Ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali kwa malemu amayi, amene ankandipaka mafuta pamenepo m'mawa uliwonse, akuimba motsitsa nyimbo ya kutchalitchi. Sindinafune kuti chichoke.

Bodza ndinalikonzera mu kombi, minibasi ya kuno, pobwerera kunyumba.

"Akuti bwanji adokotala, bambo a Chikondi?" anafunsa akazi anga nditafika.

"Akuti tinachedwa, sichingatheke."

Anandimvera chisoni mpaka kundiphikira nkhuku. Ine, mphunzitsi amene ndimalanga ana onama, ndinadya, n'kupemphanso ntchafu yachiwiri.