Tinawalira Achimwene Ali Moyo

Pali kaimbidwe kena ka gitala kamene ana a masiku ano sakadziwa. Ife tinkati hauyani. Woimbayo amagoneka gitala pamiyendo n'kumayendetsa botolo pamwamba pa mawaya, ndiye gitalayo imalira mokoka ngati munthu wodandaula. Sikamveka kawirikawiri, koma pa wayilesi akangoika nyimbo yakale yotero, kaya ndikusita kaya ndikusankha nyemba, manja anga amaima okha. Adzukulu anga amandiseka, amati agogo akumbukira zibwenzi zawo. Akanadziwa. Ine ndimakumbukira kuti kwathu ku Chileka tinawachitira maliro achimwene anga iwo ali moyo, akunenepa ku Halale, ndipo atabwerako anasowa pokhala.

Inali nthawi ya Chitaganya, ine nditangotha msinkhu kumene. Achimwene anali oyamba kubadwa, ine wotsiriza. Anakwatira ku Lirangwe ndipo ankakhala chikamwini kumeneko, m'nyumba imene anamanga okha pamudzi pa akazi awo. Anali ndi kamwana kamodzi kakakazi. Akabwera kudzationa ankabwera ndi gitala kumsana, ndipo atsikana a m'mudzi mwathu ankadzaza pabwalo pathu mpaka fumbi koboo. Ine ndinkanyada ngati ndine ndikuimba. Anali ndi chizolowezi chawo choti akafika pothera nyimbo ankanjenjemeretsa botolo pa waya wam'munsi, kenako n'kumenya thupi la gitala ndi chikhatho. Amayi ankadana nazo, ankati mwamuna wokwatira sayenda ndi chidole kumsana, koma ndinkawaona akugwedeza phazi kukhitchini.

Kenako anakwera sitima kupita ku Halale kukafuna ntchito, monga ankachitira amuna ambiri. Kulemba sankadziwa, ndipo kupempha wina kuti awalembere ankaona ngati kudzitsitsa. Tinakhala osamva kanthu mvula inagwa n'kukata, inagwanso.

Tsiku lina masana, ine ndi amayi tikutong'ola chimanga pakhonde, panafika bambo wina wachilendo atanyamula mtolo paphewa. Anavula chipewa, anakhala pansi chapatali, n'kutula mtolowo patsogolo pake mwaulemu. Titamulonjera anati wachokera ku Halale, ndipo katunduyo ndi wa mwana wawo wa amayi. Kenako anafunsa ngati pakhomopo pali mwamuna wamkulu woti alankhule naye. Amayi anayang'ana mtolowo. Linali bulangete lakale la achimwene, lomwe anapita nalo, lomangidwa ndi chingwe. Mbali ina kunatulukira khosi la gitala, mbali ina mkono wa jekete lawo.

Kwathu aliyense ankadziwa tanthauzo la zimenezi. Mtchona akamwalira kutali, thupi silinkabwera. Chinkabwera ndi chofunda chake, zovala zake ndi chinthu chimene ankachikonda, ndipo wobweretsayo sankaulula uthenga kwa akazi, ankaitanitsa mwamuna. Amayi anaponya chitsononkho pansi n'kuyamba kulira. Ine ndinalira chifukwa amayi alira. Azimayi oyandikana nafe anatuluka m'nyumba zawo akulira kale, asanafunse n'komwe, ndipo anawanyamula amayi kulowa nawo m'nyumba. Pamene amalume ankafika kuchokera kudimba, matope ali m'miyendo, pabwalo panali patadzaza anthu.

Mlendo uja anamutengera pansi pa mtengo wa mango pomwe panakhala amuna. Anangowerama, manja ali pamutu, monga amachitira munthu aliyense pamaliro. Amalume anati munthu wayenda ulendo wautali ndi katundu wolemera chotere safunsidwa mafunso anthu akulira, ayambe wadya, apume, nkhani yonse imveka bwino mawa. Ndimawakwiyirabe amalume pa chimenechi, ngakhale anapita kalekale. Funso limodzi lokha likanakwana. Koma iwo anali munthu wokonda kuti zinthu ziziyenda m'dongosolo lake, ndipo dzuwa lisanalowe mlendoyo anali atapita. Palibe anamuona akunyamuka, ndipo palibe anadabwa, poti pamaliro munthu satsanzika.

Zonse zinachitika mwamwambo. Anakumba manda, anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'jekete lija n'kuliika m'manda, akuluakulu a mpingo akuimba nyimbo. Alamu anabwera kuchokera ku Lirangwe ndi kamwana kumsana, ndipo analira mpaka mawu anatha. Mkati mwa mtolo munapezeka nsalu yatsopano ya maluwa, anthu n'kumati taonani, anagulira mkazi wake koma imfa inamutsekereza. Tinameta tonse. Gitala amalume anaipereka kwa msuweni wathu wina amene anaithyola khosi mwezi usanathe. Nthawi itakwana anapita ku Lirangwe kukawasudzula alamu, kutanthauza kuwamasula kuti ukwati watha, akhoza kukwatiwanso. Nyumba ya achimwene anaigwetsa, chifukwa nyumba ya womwalira sinkasiyidwa chiimire. Alamu anakhala okha kwa kanthawi, kenako anakwatiwa ndi bambo wina wofatsa wosoka zovala pakhonde la sitolo. Palibe anawanena, ngakhale amayi.

Panadutsa chaka chija cha chipwirikiti cha ndale, asilikali atadzaza ku bwalo la ndege la ku Chileka, ife tikuopa ngakhale kupita kumtsinje. Zinthu zitakhazikika ndinayamba kumapita ku Lirangwe pa tsiku la msika ndi azakhali anga, kukagulitsa tomato wa kudimba kwa amalume. Tinkalawirira, madengu pamutu, ndipo tikapeza lole ku Lunzu tinkathokoza Mulungu.

Tsiku limenelo kunatentha kwambiri. Azakhali anandituma kukapempha madzi akumwa kuseri kwa masitolo. Ndikudutsa pafupi ndi nyumba ina yogulitsiramo tiyi ndinamva hauyani. Sindinadabwe, oimba choncho analipo ambiri nthawi imeneyo. Ndinangoima pang'ono, mtima uli wii, poti nyimboyo inali imodzi mwa zimene achimwene ankakonda. Ndiye itafika pothera, botolo linanjenjemera pa waya wam'munsi, chikhatho n'kumenya thupi la gitala.

Ndinasuzumira pakhomo. Pabenchi panakhala bambo wonenepa, wovala suti yotuwa ndi fumbi, sutikesi ili pambali, gitala yobwereka ili pamiyendo. Anadzutsa mutu. Anali achimwene. Ndinkangoyang'ana mapazi awo kuti ndione ngati akugunda pansi, chifukwa tinkamva kuti mzukwa suponda dothi. Anali atavala nsapato zakuda, ndipo imodzi inali yong'ambika kutsogolo.

Anaimirira, ananditchula dzina, n'kundigwira pamkono. Dzanja lawo linali lofunda, la thukuta. Misozi ili mbwee, anati: "Mlongo wanga, pepa. Ndinamva za amayi. Ndinalephera kubwera kudzawaika."

Ndinawayankha kuti amayi ndawasiya m'mawa womwewo akusesa pabwalo. Ndinawauza kuti amene anamwalira ndi iwowo, manda awo ali kumsitu kwathu, ndipo ine ndinameta mpala chifukwa cha iwo. Anakhala pansi mwadzidzidzi mpaka benchi inalira. Anthu amene ankamwa tiyi anatuluka mmodzimmodzi, makapu awo osatha.

Nkhani inamveka pang'onopang'ono. Anali atatsika sitima m'mawa umenewo n'kulunjika kumudzi kwa akazi awo. Ana atawaona anabalalika akukuwa, azimayi anadzitsekera m'nyumba, ndipo pomwe panali nyumba yawo anapeza pamera maungu. Palibe anatuluka kudzawafotokozera. Anabwerera pamsika mutu utazungulira, ndipo ataona mnyamata ali ndi gitala anaibwereka kuti mtima ukhale pansi aganize bwino. Za mtolo uja anati unali mphatso basi. Jekete linkawathina poti ananenepa, ndiye anati amalume alivale. Gitala anatumizira ine, chifukwa bwana wawo ankadana ndi phokoso kuseri kwa nyumba yake. Bulangete linali longokulungira kuti isaphwanyike m'sitima. Mlendo uja, yemwe anali mnzawo wa ku Halale, anaitanitsa mwamuna chifukwa sanafune kusiya katundu wa mwini popanda mboni. Atabwerera ku Halale anakanena kuti anafika pakhomo maliro atangochitika kumene, kulira kukuchokera m'nyumba ya amayi awo, ndipo sanafune kuvutitsa anamfedwa ndi mafunso. Amayi ankadwaladwala chifuwa, ndiye achimwene sanakayike. Anameta okha ku Halale, analira, n'kuona kuti palibenso chothamangira kumudzi.

Ndinawakalipira pomwepo, ine mwana, iwo munthu wamkulu. Ndinawafunsa kuti zaka zonsezi anasowa munthu mmodzi yekha womutuma kwa mkazi wawo? Ankangopukuta nkhope ndi chipewa.

Azakhali atawaona anataya tomato yense n'kukhala pansi m'fumbi. Tinapita nawo ku Chileka tsiku lomwelo. Amayi sanathawe. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako anayamba kuwagwira kumaso, m'makutu, m'mapewa, ngati akusankha mbuzi pamsika. Amalume sanalole kuti alowe m'nyumba mpaka atawawaza mankhwala ndi kuitana akuluakulu a mpingo kudzapemphera, ndipo zonse ziwiri zinachitika. Mawa lake achimwene anaumirira kukaona manda awo. Anaima pamenepo manja ali m'thumba, n'kunena kuti tinawasankhira malo abwino, a mthunzi. Palibe anaseka.

Chimene ankafuna chinali chimodzi, kubwerera kwa mkazi wawo ndi mwana wawo. Ankhoswe a mbali zonse anakumana ku Lirangwe, ndipo ine ndinapita nawo kuperekeza amayi. Anakambirana kuyambira m'mawa mpaka mithunzi inatembenuka. Panalibe wolakwa woti amuloze chala. Kusudzula kunachitika poyera, ukwati watsopano unali wa ankhoswe, ndipo alamu anali ndi khanda pamiyendo. Bambo wosoka zovala uja ankangoyang'ana pansi, ndipo ndinamumvera chisoni ngakhale sindinkafuna. Pomaliza anawafunsa alamu kuti anene okha. Analankhula motsitsa, akuyang'ana khandalo.

"Ine ndinalira, ndinameta, ndinagona pansi miyezi yonse ija. Munandiuza nokha kuti ndamasuka. Lero mukufuna ndilire uti?"

Achimwene anapempha kuti angomunyamulako mwana wawo. Anamubweretsa, kamtsikana kotha kale kutunga madzi. Kanawayang'ana, kanayang'ana suti yawo, n'kuthamangira kukabisala kumbuyo kwa wosoka zovala uja. Ndinaona achimwene akutsitsa manja awo pang'onopang'ono n'kuwaika pamaondo.

Anakhala nafe mpaka kukolola. Koma mwamuna wamkulu kwawo kwa amayi ake alibe munda, minda ndi ya alongo ake, ndipo munda umene iwo anaswa mphanje ku Lirangwe unali ukulimidwa ndi wina. Ankagona m'kanyumba kosungiramo makasu. Anthu ankawalonjera bwinobwino koma chapatali, ndipo kumowa chipanda chikafika pa iwo, wotsatira ankapeza chifukwa chokanira. Mabanja amene anali ndi ana aakazi osakwatiwa sankafuna n'kumva komwe za mkamwini amene ali kale ndi manda. Ndinkapsa mtima ndi anthu amenewa, anthu omwewo amene anadya nyemba zathu pamaliro. Iwo sankadandaula, ankangoonda. Titamaliza kuika chimanga m'nkhokwe ananena kuti akubwerera ku Halale, poti kumeneko anthu amawadziwa kuti ndi amoyo. Amayi anawagwira mwendo pabwalo, koma anapita.

Patapita zaka zingapo, ine nditakwatiwa kale ndili ndi mwana woyamba, kunabwera bambo wina wa ku Madziabango amene ankagwira ntchito ku Halale. Uyu anabwera chimanjamanja. Anakhala pansi n'kunena mosazungulira, pamaso pa amalume ndi amayi, kuti achimwene anadwala chibayo n'kumwalira m'chipatala, ndipo anzawo anawaika konko. Amalume ulendo uno anafunsa mafunso mpaka munthuyo anatopa. Bamboyo anatchula tsiku, anatchula amene ananyamula bokosi. Iye mwini kumandako sanafike, anali pantchito, koma zonse zinkagwirizana. Azakhali anayamba kukoka mpweya kuti alire.

Amayi anakweza dzanja. Anamufunsa bamboyo ngati anaona nkhope ndi maso ake, ndipo iye anati ayi.

"Ndiye pano pasalire munthu," anatero. "Mwana wanga ndinamuika kamodzi ali moyo. Sindimuikanso."

Azakhali anameza kulira kwawo. Anthu amene anali atayamba kusonkhana anaimaima pang'ono kenako anabwerera kwawo. Palibe anameta, palibe anaimba nyimbo, palibe anagona panja. Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo mpaka tsiku lawo lomaliza ankati mwana wawo ali ku Halale, ndi waulesi kutumiza uthenga basi. Ine ndinkadziwa kuti bambo uja ananena zoona. Ndinapita kudimba ndekha masana, ndinakhala pakati pa mizere ya tomato, n'kulira chakumtima kuti asandimve.