Disiki ya m'Sokosi

Kanali kachitsulo kolemera, kokwana m'dzanja la munthu wamkulu, konyezimira pamsana, kobiriwira kumimba. Amalume ankakasunga m'sokosi yakale ya bambo, ndipo ankakagwira ngati dzira. Ankati dzina lake ndi disiki, ndipo kuti zithunzi zonse za bambo zili mmenemo. Ine ndinakagwedeza pakhutu, osamva kanthu. Ndinakayang'ana padzuwa, osaona munthu. Ndinangoti akuluakulu ayambanso zawo zondinamiza.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo bambo anali atamwalira mvula isanathe. Abale awo atabwera kwathu ku Sanjala kudzagawa katundu, anatenga njinga yamoto, mipando, ngakhale nsapato zopitira ku ofesi. Pa katundu wamtengo, kompyuta yokha ndiyo anaisiya, poti inali itapsa ndi mphezi. Amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankaikira anthu nyimbo m'mafoni kumsika, ndiwo anaimasula n'kutulutsamo kachitsuloko. Disiki ya m'kompyuta yawo inali itadzaza, ndiye ankafuna yachiwiri yosungiramo nyimbo.

Ine nyimbo ndinalibe nazo ntchito. Vuto langa linali lakuti nkhope ya bambo inayamba kundithawa. Aphunzitsi atatiuza kuti tijambule banja lathu, ndinajambula jekete la bambo lofiirira, limene anagula Khirisimasi yomaliza ija, ndi makutu awo otuluka ngati zogwirira poto, omwe ndinatengera. Pakati pa makutuwo ndinasiya poyera. “Bambo ako analibe maso?” anatero aphunzitsi, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Zinandiwawa kwambiri. M'nyumba mwathu munalibe chithunzi chawo cha papepala ngakhale chimodzi, chifukwa bambo ankangoti adzatsukitsa zonse pamodzi.

Linali Loweruka m'mawa, mu Juni, chifunga chili tolo mpaka mitengo ya paini osaoneka. Zala zanga zinali zitauma ndi chisanu. Amalume anatsegula m'mbali mwa kompyuta yawo, fumbi n'kutiyetsemulitsa. Anamangirira disiki ija pansi pa inzake, n'kuilumikiza ndi nthambo ziwiri, ina yopyapyala yofiira, ina yamitundumitundu. Atayatsa, sinaoneke. Anazimitsa, kuuzira, kukankha nthambo, kuyatsanso. “Ilimo, koma makina sanaipatse dzina,” anatero. Ndinasokonezeka: chinthu ndikuchiona ndi maso anga, makina n'kumakana kuti palibe? Ataipatsa chilembo D, inatulukira pagalasi, ikulira chapansipansi ngati njuchi.

Anafotokoza dongosolo lawo kawiri, ine osatolapo kanthu. Choyamba tisankhe zithunzi n'kuzisamutsa. Kenako aigawe disikiyo pawiri, osati ndi sowo ayi, koma mkati momwemo. Pomaliza aifomate, kutanthauza kusesamo zonse kuti ikhale ngati nyumba yopanda katundu. Amayi anaima kumbuyo kwathu, atafunda zitenje ziwiri, m'manja muli mbale ya mbatatesi zimene ankasenda.

Pagalasi panali timatumba tachikasu. Thumba loyamba linali la zikalata za ku ofesi. Lachiwiri linalembedwa kuti Cuamba, kumene bambo ankapita kawirikawiri pa zantchito. Amalume analitsegula, ndipo bambo anatulukira, jekete lofiirira lili m'thupi, akuseka mpaka usinini kuonekera. Maso awo anali aang'ono! Ndinali nditaiwala. Pambali pawo panali mayi wina amene sindinkamudziwa, atanyamula khanda lovala zoyera, la makutu otuluka.

“Ndine uyo!” ndinakuwa, ndikuloza khandalo.

Amalume anafuna kutseka, amayi n'kuwagwira dzanja. Amayiwo anaona chithunzi chachiwiri, chachitatu, mpaka ndinasiya kuwerenga. Mpeni unali udakali m'dzanja lawo lina.

“Fafaniza,” anatero amayi.

“Achemwali, tiyeni tipatuleko za mwanayu kaye. Zili m'thumba lina.”

“Ndati zonse.”

Ndinalira, ndinagwira chitenje chawo, ndinalonjeza kuti ndizitsuka mbale tsiku lililonse. Amalume anagawa disiki ija pang'onopang'ono, akuzengereza dala, mwina poganiza kuti mtima wa amayi ubwerera. Kenako makina anafunsa m'Chipwitikizi ngati tatsimikiza, pakuti zonse zitayika. Amalume anachotsa dzanja pa mausi, kachipangizo kodinira, n'kulipinda pachifuwa. Amayi, amene anali asanakhudzepo kompyuta chibadwire, anafunsa kuti adine pati. Anadina okha, ndi chala chonyowa ndi madzi a mbatatesi. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda, ndipo kasanafike kumapeto iwo anali atabwerera kukhitchini.

Lero ndimagwira ntchito ndi makompyuta, ndipo ndikudziwa kuti zithunzi zija sizinafe tsiku lomwelo. Zinafa pang'onopang'ono, nyimbo iliyonse imene amalume ankaikamo ikugona pamwamba pake. Sindinawauzepo amayi zimenezi. Kodi analakwa? Zaka zina ndimati inde, zaka zina ndimakayika.

Madzulo a tsikulo amalume anandiitana n'kundionetsa zilembo ziwiri, D ndi E. “D ndi ya nyimbo. E ndi yako, mphwanga, uzisungamo za kusukulu.” Ndinaitsegula msangamsanga, poganiza kuti mwina bambo athawira mbali imeneyo. Munali mbee.

Nyengo yozizira yonseyo amayi sindinkawalankhula bwino. Ndinkawaona akuchapa malaya a bambo amene abale anasiya, akuwasita, n'kuwapinda bwinobwino m'sutikesi, ndipo mutu unkandizungulira. Munthu wosunga malaya angafafanize bwanji nkhope? Ndinkawakwiyira makamaka chifukwa chotaya chithunzi changa cha ukhanda. Panali kanthu kamodzi kokha kamene kankandivuta ndikamapita kusukulu m'chifunga muja, ndipo ndinkakaganizira mpaka kufika pageti osapeza yankho: zinatheka bwanji kuti ine ndili khanda, bambo avale jekete limene anagula Khirisimasi yathayi?