Chitenje Chobiriwira pa Ulendo wa ku Zomba

Ndinanyamuka kwathu kwa Kalembo nkhuku zisanatsike mumtengo, nditavala jekete yomwe ndimadyera Mgonero wa Ambuye. M'chikwama munali chinangwa chophika, makadi awiri olowera kumwambo wopereka madigiri ku Zomba, ndi chitenje chobiriwira chomwe chinali chisanakhudzepo madzi. Mwana wanga Elube ankalandira digiri ya uphunzitsi tsiku limenelo. Chitenjecho anagula ndi mayi ake chaka chomwe thonje linatikomera, n'kuchisungira tsikuli. Ankanena akupeta pakhonde kuti dzina la Elube likadzangotchulidwa, adzaluluta mpaka anyani a m'phiri la Zomba adzasiya kudya. Ambuye anawatenga mwanayo ali m'chaka chachitatu cha maphunziro a digiriyo.

Khadi yachiwiri inali ya a Esinati, mng'ono wawo wa malemuwo, amene analonjeza kukaluluta m'malo mwa mkulu wawo. Koma malungo anawagwira mlungu womwewo, ndipo dzulo lake sankatha ndi kuima komwe. Nthungululu ndi za amayi. Ife amuna timangowomba m'manja. Ndinayeserapo ndekha kudimba, koma chomwe chinatuluka pakhosi panga chinachititsa mbuzi ya a Namaona kudula chingwe. Choncho nkhawa yanga inali imodzi: ana a anzathu adzalulutiridwa, wanga dzina lake lidzagwera pachete ngati la mlendo.

Wa kabaza ananditengera kumsewu pa Ulongwe pa K1,500. Njira yonse ankandiuza za timu yake ya mpira, ine ndikupemphera chamumtima. Pa Ulongwe ndinakwera minibasi ya ku Liwonde pa K3,000. Pampando wa anthu atatu tinakhalapo anayi, ndipo kondakitala anatiuza kuti thumba la makala lomwe linali pamapazi athu nalonso lalipira, tilipatse ulemu. Powoloka Shire pa mlatho wa baraji dzuwa linali litangotuluka. Asodzi ankapalasa mabwato m'mbali mwa namasupuni. Ndinakumbuka kuti mayi a Elube ankatseka maso nthawi zonse powoloka pamenepa, n'kugwira bondo langa, ati madzi oyenda amawachititsa chizungulire. Bondo langa linawoloka lokha.

Padepoti ya Liwonde oitanira anandilanda chikwama, atatu nthawi imodzi, aliyense akulumbira kuti minibasi yake ndiye yatsala munthu mmodzi. Ndinamwa tiyi ndi mandasi awiri ndisanakwere ya ku Zomba pa K6,000. Mmenemo munali kale mabanja opita kumwambo womwewo, amayi atamanga maduku aatali ogunda denga. Pambali panga panakhala mayi wina wojintcha, wa mpango wakuda, atafungatira dengu la milamba yowamba. Anandipatsa moni m'Chiyao, nditayankha mopunduka anaseka n'kutembenukira ku Chichewa. Anati ndi Abiti Jafali a kunyanja ya Chiuta, anagona pa Liwonde kwa mchemwali wawo, ndipo chaka chilichonse salephera kupita ku Zomba mlungu wa madigiri, chifukwa nyumba iliyonse ya mumzindamo imakhala ndi alendo ofuna ndiwo.

Pachitunda cha ku Machinga minibasi inayamba kutsokomola, ife amuna tinatsika kukakankha. Nditabwerera pampando ndili wefuwefu, Abiti Jafali anandifunsa kuti jekete yonseyi, mayi a kunyumba ndawasiyiranji. Sindine munthu wouza alendo za kukhosi, koma ndinapezeka ndafotokoza zonse, za chitenje, za a Esinati, ngakhale za mbuzi ya a Namaona. Pa za mbuziyo anaseka mpaka misozi. Tinapyola Malosa ndi Domasi. Tikudutsa pa Songani, pomwe ana ankakweza mbale za nthochi kumawindo, anandiuza kuti iwo anabereka ana asanu ndi mmodzi, koma palibe amene anapitirira sitandade 8. Nyanja inawaitanira onse ku usodzi.

Mumtima mwanga munabwera ganizo, ndipo ndinalimbana nalo mpaka pa Chinamwali. Amene anatuma makwangwala kukadyetsa mneneri kumtsinje sanayambe wafunsa ngati mneneriyo akuwadziwa makwangwalawo. Ndinatulutsa khadi ija.

"Mayi, pepani, mwina ndikulakwa. Simungakandilulutireko mwana wangayu?"

"Iyayi bambo, ine? Ndi fungo la mlambali? Akandibweza pachipata. Komanso msika wa lero ndiye wa chaka chonse."

Sindinaumirize. Ndinabweza khadi m'thumba, n'kuyang'ana kunja.

Zomba tinalowa dzuwa litakwera. Mzinda uja wa nyumba zakale za njerwa zofiira unali utasanduka ukwati. Magalimoto omangidwa maliboni ankaimba mabelu, ojambula zithunzi atapachika nsalu zawo m'mitengo, anyamata akugulitsa maluwa apulasitiki ndi mafelemu, azimayi akukazinga tchipisi m'mbali mwa msewu. Achinyamata a mikanjo yakuda ankayenda m'magulu, aliyense ali ndi mayi wake pambuyo akumukonza kolala. Phiri linali pomwepo pamwamba pa zonsezi, lomwe lija mayi a Elube ankafuna kuliopseza, koma sanalionepo ndi maso.

Ndikutsika padepoti ndinamva wina akukoka jekete yanga. Anali Abiti Jafali. Anandiuza kuti ndidikire pomwepo. Analowa mumsika ndi dengu lawo, n'kutuluka chimanjamanja, akusamba m'manja ndi madzi a m'botolo. Nsomba anasiyira mnzawo wa ku Chilwa, amene, malinga ndi iwo, adzayamba wagulitsa zake kaye. Kenako analoza chikwama changa. Ndinawauza mosabisa kuti mwini chitenjecho anamwalira, ngakhale sanachivalepo. Anachifunyulula, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena Bisimila, n'kuchimanga m'chiuno.

Elube sitinamuone tisanalowe, anali kale pamzere ndi anzake. M'holo munali modzaza ndi motentha. Wotsogolera mwambo anapempha kuti nthungululu zidikire mpaka mayina onse athe, ndipo amayi onse anagwedeza mitu movomera. Dzina loyamba litangotchulidwa, denga linanjenjemera. Mayina anali ambirimbiri. Abiti Jafali ankandifunsa pafupipafupi ngati tayandikira, ndipo anandiuza kuti ndibwereze dzina lonse la mwanayo kuti angalulutire mwana wa eni.

Kenako anatchula Elube. Ndinamuona akukwera masitepe atazyolika, akuyenda mofulumira ngati munthu wofuna kuti zithe msanga. Iye ankadziwa za malungo a mayi ake aang'ono. Abiti Jafali anaimirira, n'kuika dzanja pakamwa. Mawu amene anatuluka anali a munthu wozolowera kuitana bwato lili pakati pa nyanja. Anapitirira, n'kupitirira, mpaka amayi a mabanja ena anawalandira. Elube anaima pakati pa nsanja. Anatembenuka kufunafuna, ndipo maso ake anagwera pa chitenje chobiriwira chija. Anagwira pakamwa. Mkulu wopereka madigiri anachita kumuyembekezera dzanja lili m'malere.

Sanali mawu a mayi a Elube. Awo anali opyapyala, ndipo ankathyoka chakumapeto, n'kusanduka kuseka. Ndinawamvabe m'khutu langa pansi pa phokoso lonselo, ndipo ndinalephera kuwomba m'manja, ntchito yokhayo imene ndinabwerera.

Panja Elube anatipeza pansi pa mtengo. Anagwada pamaso pa Abiti Jafali ndi mkanjo wake womwewo, pafumbi, asanafunse n'komwe kuti ndi ndani. Iwo anamudzutsa msanga, n'kumuuza kuti mphunzitsi sadetsa mawondo. Tinajambulitsa chithunzi atatu. Kenako Abiti Jafali anavula chitenje, n'kuchipinda bwinobwino, n'kuchiika m'manja mwa Elube. Ndinafuna kuwapatsa kangachepe ka nsomba zomwe zinakhalira padengu.

"Bwezani m'thumba, bambo. Nthungululu sagulitsa. Inenso lero ndalulutirako wa digiri."

Anatsetsereka kulowera kumsika, akuthamangira ndiwo za madzulo. Tinadya mpunga ndi nyemba ndi Elube pa lesitilanti ina, chitenje chili pamiyendo pake. Ndinamuuza kuti akachichape, chikununkha mlamba. Anachinunkhiza, n'kunena kuti chikhale choncho.

Ndinawoloka Shire kubwerera dzuwa likupendeka, pawindo pali mphepo yotentha. Mlungu wonse ndinali nditapempha Ambuye kuti adzutse a Esinati, ndipo ndinanyamuka m'mawa uja ndikuyesa kuti sanandimve. Yankho linali litagona pa Liwonde ndi dengu la milamba. Chithunzi chija ndachipachika pabalaza. Obwera kudzacheza amafunsa kuti mayi wa mpango wakudayo ndi mbale wathu wa kuti, ndipo ine ndimati wa ku Chiuta. Koma madzulo ndikakhala ndekha, maso anga sapita pankhope za anthu atatuwo. Amapita pachitenje.