Makandulo a Azakhali

Ndinali ndi zaka khumi pamene azakhali anga, a Tiyamike, anabwera kudzaphunzira sayansi ku yunivesite kuno ku Nairobi n'kumakhala nafe m'dera la Umoja. Iwo ndi mayi ankagwirizana pa zonse kupatula makandulo. Mayi ankawasungira tsiku lozima magetsi, pomwe azakhali ankawayatsa dzuwa likuswa mtengo.

Ankaimika kandulo pambale n'kuivindikira ndi botolo la jamu. Lawi linkachepa pang'onopang'ono, kenako zii, kungotsala kautsi.

"Wazimitsa ndani?" anandifunsa tsiku lina.

"Botolo."

"Iwe, botolo lili ndi pakamwa? Moto umapuma ngati iwe. Ukaumana mpweya, umafa."

Anandiuza za munthu wina wakale ku Ulaya amene ankatsekera kandulo kapena mbewa m'botolo, zonse n'kumafooka, mpaka ataikamo chomera n'kupeza kuti masamba abwezeretsa mpweya wabwino. Ine ndinangomvera chisoni mbewayo. Anandichenjezanso kuti madzi akagwera m'mafuta oyaka, moto umauluka. Mayi anangoti, "Sukulu yake ndi imeneyi? Makandulo anga atha!"

Loweruka lina masana, azakhali atachoka, mayi ankakazinga mandasi, khanda lathu Chisomo lili kumsana. Anachedwa pakhomo ndi mayi wogulitsa ndiwo zamasamba za sukuma, mafuta n'kupsa. Pobwerera anapeza sufuria yokazingiramo ija ikulilima, lawi likunyambita khoma.

"Mayo ine!" anakuwa, uku akunyamula beseni la madzi.

Ndinaona kamutu ka Chisomo katasuzumira paphewa pawo, kakuyang'ana motowo. Mantha anandigwira, koma chochita ndinkachidziwa.

"Amayi, madzi ayi!"

Ndinatola chivindikiro chachitsulo n'kuchikankhira pamwamba pa sufuria. Ubweya wa pamkono unawauka. Ndinatseka gasi. Moto uja zii, ngati kandulo ya m'botolo. Mayi anakhala pansi beseni lili m'manja, madzi akutayikira pachitenje.

Madzulo, azakhali atatsika matatu, minibasi ya kuno, mayi anandituma kusitolo kukagula paketi ya makandulo. Mayi anaipereka kwa azakhali ndi manja awiri.

"Alamu, tengani. Muziyatsa."

Lero ndimamvetsa kuti azakhali sankawononga makandulo. Ankafuna kuti ndione ndi maso anga, chifukwa chimene waona wekha sichikuthawa ngakhale mtima ukugunda. Chisomo pano ali ndi ana ake awiri, ndipo nkhope yake ilibe chipsera.