Shawelo imene inapita ndi achemwali

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pamphasa ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu. M'nyumba ya siwa oimba anali atatopa. Amayi awiri okha ndiwo ankang'ung'udza nyimbo pafupi ndi bokosi la achemwali anga. Tinali titabwera nawo dzulo lake kuchokera ku Chileka, kumene ankagwira ntchito yokolopa pabwalo la ndege, kudzawagoneka kwathu ku Lirangwe.

Kunja kunali chiperoni. Nkhuni zonyowa zinkangofuka, ophika akupukuta maso ndi nsonga za zitenje. Pofika eyiti koloko anthu anali atadzaza mpaka m'munda wa nandolo. Anzawo a achemwali akuntchito anabwera pa lole. Ine ndinkangozindikira manja a achemwali pamatupi a anthu: chipewa apa, juzi ya mwana apo.

Kuluka ndiye unali moyo wawo. Ankaluka m'minibasi, pamzere wa kuchipatala, ngakhale pokukalipira. Patani sankakopera kwa munthu ndipo sankalemba, ankangoyang'anitsitsa tsamba n'kulisunga m'mutu. Kangapo konse anafuna kundiphunzitsa. Ine ndi pakamwa pangapa ndinkati ndivutikirenji, za m'masitolo a ku Limbe n'zotchipa.

Tisanatseke bokosi, azakhali ankasankha zovala zoti zipite ndi mwini wake, ndipo anatsegula jumbo ya zolukira. Munatuluka shawelo yoyera ya khanda, ikadali pamasingano. Inali yopyapyala ngati neti, timabowo take tikupanga masamba a nandolo mizeremizere. Inangotsala mbali imodzi ya m'mphepete. Achemwali analibe mwana. Kwathu mwana wosabadwa sitimutchula, n'chifukwa chake sanandiuze, koma onse m'chipindamo anatembenukira mimba yanga.

"Azakhali, imeneyo ndipatseni," ndinatero.

"Ayi mwanawe. Ntchito imene womwalira sanamalize sitifunditsa khanda. Ipite nawo."

Ndinalira, ndinaikokera kwa ine. Ndine wamakani, onse amadziwa, koma mwana atagunda m'mimba mantha anandiposa. Azakhali anasolola masingano, mzere womaliza n'kuyamba kumasuka ine ndikuona. Ndinaipinda ndekha n'kuiika pachifuwa pa achemwali. Mtima unandipweteka kuposa tsiku limene anatisiya.

Woyembekezera sapita kumanda, choncho maliro atanyamuka masana ndinatsala pakhonde. Kamvula kanali kakuwazabe. Adzukulu anatsogola ndi bokosi, amayi a mpingo pambuyo atafunda zitenje kumutu, kenaka khamu lonse, ena atanyamula nsapato m'manja chifukwa cha matope. Ndege inadutsa chapansipansi kulowera ku Chileka, anzawo akuntchito aja n'kukweza maso. Nyimbo inkanka ichepa mpaka anakhota kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Sindinaponye ngakhale kadothi.

Madzulo mabenchi anabwezedwa kutchalitchi, lole inapita, pamafuwa panangotsala phulusa lonyowa. M'nyumba munali zii. Jumbo ija inali pakona pomwe azakhali anaiponya. Ndinapezamo masingano, mipukutu itatu ya ulusi woyera, ndi kope la masamu.

Munthu amene sankalemba patani uja anali atailemba yonse. M'timabokosi ta kopelo anajambula masamba a nandolo aja ndi tizizindikiro, pambali n'kufotokoza ngati akuuza mwana wa sitandade wani. Zilembo zinali zonjenjemera, za masabata amene matenda anawagwetsa pansi. "Bowo: zunguliza ulusi kamodzi." Patsamba lina: "Apa uwerenge kawiri, waphuma iwe." Kumapeto kwenikweni anangoti: "Ndikapanda kumaliza uyambe yako. Usakagule ku Limbe."

Ankadziwa kuti akupita, ankadziwanso zimene azakhali adzanene.

Ndinatenga masingano aja. Kagwiridwe kake komwe sindinkakadziwa. Ndinakhala nawo choncho m'manja, ndikudikira munthu woti andiseke n'kundikonza zala.